Chisanu chobwereka: wothamanga wa ku Chigwa m'nkhani zathu

Sabata ino tikambeko za mtundu wina wa nkhani umene wayamba kuchuluka m'zolemba zathu, makamaka ikafika miyezi ino ya Juni ndi Julayi. Ndi nkhani ya mnyamata wosauka, nthawi zina mtsikana, amene akukonzekera mpikisano wothamanga mtunda wautali. Amadzuka tambala asanalire, kunja kukuzizira koopsa, mano akugundana, zala zauma, koma iye osabwerera m'mbuyo. Pamapeto pake wapambana, mayi ake akulira ndi chimwemwe, nkhani yathera pomwepo. Sinditchula mayina, chifukwa vutoli si la munthu mmodzi, ndiponso ena mwa olembawa ali ndi dzanja labwino ndithu. Chandidabwitsa n'chakuti zingapo mwa nkhanizi eni ake anaziika ku Chigwa cha Shire: ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula, ku Nsanje. Ndiye ndimati ndifunseko: chisanu chimenechi munachitenga kuti, abale?

Musandimve molakwa. Munthu wa ku Chigwa akamati kwazizira mu Juni sakunama. Thupi limene lazolowera Okutobala ndi Novembala wa ku Ngabu, pamene kutentha kumapyola madigiri 40 ndipo anthu amagona panja pamkeka chifukwa m'nyumba simugoneka, likakumana ndi m'bandakucha wa madigiri cha m'ma 15 limanjenjemera ndithu. Majuzi a pakaunjika amatuluka m'zikwama, agogo amaothera dzuwa pakhonde, ana amaunjikana pamoto, wakabaza amavala chipewa chophimba makutu. Asena ali nalo liwu lawo, kuthondola. Ndipo amene anakwerako ku Chididi, kumapiri a kumadzulo kwa boma la Nsanje, akudziwa kuti si Nsanje yense amene ali pansi. Komatu kuzizira kumeneku n'kwa munthu wongokhala. Wothamanga akangodutsa kilomita imodzi juzi ija amaivula n'kuimanga m'chiuno, ndipo pofika 10 koloko dzuwa limakhala layambiranso kuotcha. Wolemba amene akutionetsa mnyamata wa ku Bangula atathamanga makilomita 15 zala zili gwa ndi chisanu, sanathamangepo ku Bangula, ndiponso sanafunse amene anathamangapo.

Kumene chinachokera chisanuchi sikovuta kukupeza. Ambiri tinakulira m'tinyumba ta mavidiyo, ndipo ndani sanamuone Sylvester Stallone mu Rocky IV ya 1985, akuthamanga m'chipale chofewa chofika m'mawondo, atasenza chipika, nyimbo ili m'khutu? Kumeneko n'kumene tinaphunzira kuti ngwazi imadziwika ikamalimbana ndi kuzizira. Kwa eni ake zimenezi zili ndi maziko. Mipikisano ikuluikulu ya London ndi Boston imachitika mu Epulo, ndipo kukonzekera marathoni, amene ndi makilomita 42.195, kumatenga miyezi itatu kapena inayi. Ndiye kuti munthu wa kumeneko amathamanga mitunda yake yovutitsitsa mu Januwale ndi Febuluwale, kunja kuli mdima, msewu ukuterera ndi madzi oundana. Nkhani zawo zinabadwa m'kalendala yawo. Ife tangoitola kalendalayo ngati chijasi chaubweya cha pakaunjika, n'kumuveka mwana wa ku Nchalo kuti aziyenda nacho masana.

Choseketsa n'chakuti ngakhale m'masewerowo, kuzizira si mdani wamkulu wa wothamanga mtunda wautali. Thupi likamathamanga limapanga kutentha kwambiri, ndipo ntchito yaikulu imakhala kukutaya kutenthako. Eliud Kipchoge atafuna kutsiriza marathoni pasanakwane maola awiri, anamusankhira mzinda wa Vienna, m'mawa wozizira wa pa 12 Okutobala 2019, ndipo anatha mu 1:59:40. Masabata awiri m'mbuyo mwake ku Doha, pa mpikisano wa dziko lonse, akazi 68 anayamba marathoni pakati pa usiku pothawa dzuwa, koma 28 sanafike kumapeto. Inde, kuzizira kukaphatikizana ndi mvula ndi mphepo kumagwetsa akatswiri, monga zinachitikira ku Boston mu 2018, pamene anapambana Yuki Kawauchi wa ku Japan, amene masiku amenewo anali wantchito wa boma. Koma m'mawa wouma wa madigiri 15, monga wa Juni wa ku Chikwawa, wothamanga aliyense amaulandira ndi manja awiri. Ndiye taganizani: nkhani zathu zikumulizitsa mnyamata pa nyengo yokhayo imene iye amaiyembekeza chaka chonse.

Kuti tione mmene kuzizira kumagwirira ntchito m'nkhani yolembedwa bwino, tibwerekeko buku la eni chisanuwo. Mu 1959 Alan Sillitoe, mlembi wa ku Nottingham ku England, anatulutsa The Loneliness of the Long-Distance Runner. Mnyamata wa zaka 17, dzina lake Smith, wagwidwa ataba ndalama pamalo ophikira buledi, ndipo watumizidwa ku malo osungirako ana olakwa, onga Mpemba kapena Chilwa kwathu kuno. Mkulu wa malowo waona kuti mwanayu ali ndi liwiro, ndiye akufuna kuti amubweretsere chikho pa mpikisano wa malo onse otere m'dzikomo. Choncho amamutsegulira geti m'bandakucha, nthawi yachisanu, kuti azikathamanga yekha m'minda ndi m'tchire popanda womulondera.

Taonani zimene chisanu chikuchita pamenepa. Chagoneka anthu onse m'mabulangete, n'kumusiyira mnyamatayu dziko lopanda munthu, mmene kwa nthawi yoyamba akutha kuganiza popanda womukalipira. M'maganizo amenewo ndi mmene timamvera za imfa ya bambo ake, za ndalama zimene mayi ake analandira ndi kuzimwaza, za tsiku limene mvula inatulutsa ndalama zobedwa zija mu paipi pamaso pa wapolisi. Chisanu chomwecho chikugawanso anthu pawiri: amene akugona mofunda n'kumawerengera chikho, ndi amene ali panja atavala kabudula. Ndiye likafika tsiku la mpikisano, Smith ali patsogolo kutalitali, amaima dala pafupi ndi pothera, anthu akukuwa, mpaka wa pambuyo pake kumupitirira. Chikho chapita, iye watsala ndi miyezi ya ntchito yakalavulagaga. Kukana kumeneku sikunagwe kumwamba. Kunapsa pang'onopang'ono m'mamawa ozizira aja. Mukachotsa chisanu m'nkhaniyi, nkhani yagwa. Yesani zomwezo ndi nkhani zathu zija: chotsani chisanu, ikanipo mvula, kapena galu wolusa wa kwa aneba, muona kuti palibe chasintha. Pamenepo ndi pamene mumadziwira kuti chinali chokongoletsera chabe.

Sindikuti Sillitoe alibe banga. Smith amalongolola, mfundo yake ya ife ndi iwo amaibwereza mpaka imafika potopetsa, ndipo mayi ake sanapatsidwe mpata wokhala munthu. Timangowaona akugula katundu. Komabe mlembiyu nyengo yake ankaidziwa pakhungu.

Nanga Juni wa ku Chigwa akanagwira ntchito yanji akanalembedwa ndi munthu womudziwa choncho? Choyamba, ndi nthawi yochepa. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, kuthamanga mtunda wautali dzuwa litatuluka n'kuputa ngozi. Januwale mpaka Malichi misewu yafumbi imasanduka matope, ndipo zaka zina madzi amadula ngakhale M1 weniweniyo, monga zinachitikira ndi namondwe Ana mu Januwale 2022. Wothamanga wa ku Chigwa amatsala ndi Meyi mpaka Ogasiti, miyezi inayi, kuti amange thupi limene anzake a ku Dedza kapena ku Zomba amalimanga pafupifupi chaka chonse. Tsiku lililonse lozizira limene ladutsa iye osathamanga ndi chuma chotayika. Pamenepo pali kale mtima wa nkhani, ndipo sitinabwereke kalikonse.

Ndiye vuto n'lakuti miyezi yomweyo aliyense akufuna manja ake. Madzi aphwa m'mbali mwa Shire ndi m'madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi, ndiye kuti ndi nthawi ya madimba: chimanga, mbatata, nyemba, zimene kwa mabanja ambiri n'zodalirika kuposa za kumunda wa mvula. Thonje likufuna kutola ndi kupita nalo kumsika. Ku Nchalo nzimbe zikudulidwa, ndipo mnyamata wamphamvu akhoza kupezako ganyu. M'mawa wozizira uja, umene uli wabwino pothamanga, ndi womwewo uli wabwino pogwira khasu. Komanso kuthamanga kumadya nsima. Munthu wa makilogalamu 60 akathamanga makilomita 20 amawotcha mphamvu yoyandikira theka la chakudya chake cha tsiku. M'nyumba imene ufa amachita kuyeza ndi kapu, zimenezi si nkhani yamasewera. Wina pakhomopo adzafunsa ndithu kuti, iwe, miyendo imeneyi bwanji osakapalasira kabaza ubwere ndi ya ndiwo?

Ndipo wolemba ayenera kudziwa kuti wofunsayo ndani. Pakati pa Amang'anja, mawu a malume amalemera. Pakati pa Asena, amene mwana amatsata kuchimuna, ndi bambo ndi abale awo. M'nkhani zimene ndikunenazi mumakhala mayi wamasiye yekha, woleza mtima, wongopemphera, ngati kuti mwanayo alibe mbumba. Chigwa chonse chathera m'dzina la malo lolembedwa pa mzere woyamba.

Zoona ndi maso nazonso zilipo zambiri, ndipo sindikumvetsa chifukwa chake tikuzisiya. Utsi wa minda ya nzimbe imene yatenthedwa, timaphulusa takuda tikugwera pamapewa. Masawu amene akupsa nyengo yomweyi, mabeseni ali ndandanda m'mbali mwa msewu. Milambe itayoyola masamba. Mvuu imene ikubwerera kumtsinje m'bandakucha itadya dimba la munthu, imene wothamanga wa m'mbali mwa dambo amaiopa kuposa mphepo iliyonse. Matiraki a shuga pa M1, msewu wopanda malo oti woyenda pansi apatukire. Ndiponso kusalala kwa dzikolo: munthu akhoza kuthamanga kuchokera ku Nchalo kulowera ku Ngabu osakumana ndi chitunda choti n'kumupumitsa wefuwefu. Akafuna mtunda weniweni ayenera kupita ku Thabwa, kuseri kwa mlatho wa Kamuzu, n'kuyamba kukwera makhotakhota aja opita ku Blantyre.

Tsono apa mpamene chisanu chenicheni chikanalowera m'nkhani, pa khomo lake loyenera. Mpikisano wodziwika kwambiri wa nyengo yozizira m'dziko muno ndi Porters Race ya ku Mulanje, imene imachitika mu Julayi. Inayamba m'zaka za m'ma 1990 ngati mpikisano wa anyamata onyamula katundu wa alendo okwera phiri, kenaka inatsegulidwa kwa aliyense. Amayambira ku Likhubula, kukwera kulowera ku Chambe, kudutsa pamwamba mpaka ku Lichenya, n'kutsikiranso ku Likhubula, makilomita opitirira 20, ndipo otsogola amatha m'maola awiri ndi mphindi zingapo. Pamwamba pa phiri paja mu Julayi udzu umatha kuyera ndi chisanu m'mamawa. Tereza Master, amene anathamanga marathoni pa Olimpiki ya ku Rio mu 2016, anadziwika kudzera mu mpikisano umenewu. Edson Kumwamba, amene anakatchuka ku Cape Town pa mipikisano ya m'mapiri, nayenso ndi mwana wa ku Mulanje.

Ndiye mutengeni mnyamata wathu wa ku Nchalo, amene wakonzekera miyezi itatu pamalo osakwana mamita 100 kuchokera pa nyanja yamchere, mumuike panjira yokwera kufika pafupifupi mamita 2,000. Mpweya wa pamwamba ndi wopepuka. Kupuma kulikonse kumalowetsa okosijeni wochepa. Amene amakhala kumtunda matupi awo amazolowera, magazi awo amachulukitsa maselo ofiira, ndipo n'chifukwa chake othamanga a padziko lonse amakhamukira ku Iten ku Kenya, pa mamita 2,400. Kutentha nakonso kumaphunzitsa thupi: limayamba msanga kutuluka thukuta, ndipo madzi a m'magazi amachuluka. Koma mphatso imeneyi ndi ya mpikisano wa padzuwa. Pa Chambe, thukuta lija likakumana ndi mphepo limasanduka mdani. Mwana wa ku Chigwa wanyamula chida chabwino kupita nacho ku nkhondo ina.

Chinthu china chimene ndikanakonda wina atachilemba ndi ichi. Chiperoni, mphepo yachinyontho ija imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique, ikabwera imakuta Thyolo, Mulanje ndi Blantyre ndi nkhungu ndi mawawa kwa masiku angapo. Munthu wa ku Chigwa nthawi zambiri amaiona ali pansi: mtambo wotuwa utakhala pamwamba pa mapiri a Thyolo, iye ali pafumbi. Ndiye kuti wothamanga wathu chisanu amayamba kuchiona ndi maso, m'mawa uliwonse akatembenukira kum'mawa, milungu yambiri asanachimve pakhungu. Akudziwa kuti mpikisano wake uli mkati mwa mtambo umenewo. Ngati mukufuna mantha m'nkhani, ndi amenewo, ndipo Stallone alibe nawo gawo.

Palinso nkhani ya mawu awiri, kuthamanga ndi kuthawa. Ku Chigwa anthu athamangapo kwambiri, koma kawirikawiri kumbuyo kuli chowapirikitsa. Madzi a Januwale 2015, a Ana, a Freddy mu Malichi 2023. M'zaka za m'ma 1980 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1990, nkhondo ya ku Mozambique inabweretsa anthu othawa kwawo opitirira miliyoni imodzi m'Malawi, ndipo ku Nsanje alendowo anafika pochuluka kuposa eni dera. Ambiri anabwera pansi, ana kumsana, n'kukakhala m'misasa monga Mankhokwe. M'mudzi umene uli ndi mbiri yotere, mnyamata akamadutsa pa liwiro m'bandakucha popanda chomuthamangitsa, gogo amene akusesa pakhomo akhoza kuima ndi tsache m'manja n'kufunsa kuti kwagwanji. Funso limenelo ndi lolemera kuposa ndime zitatu za mano ogundana.

Ndipotu Chigwa chili ndi nkhani yakeyake ya ulendo wautali wa pansi, yakale kuposa mabuku onsewa. Ndikunena Mbona. Okamba amasiyana pofotokoza, koma msana wa nkhani ndi umodzi: wovumbitsa mvula amene anadana ndi akuluakulu ake, n'kuthawa kulowera kummwera adani ali pambuyo, akusiya zizindikiro pamiyala m'malo amene anapumula, mpaka anamupeza n'kumupha cha ku Ndindi. Mutu wake unaikidwa m'nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, kumene kachisi wake alipo mpaka lero. Ena amati anayambira ku Kaphirintiwa, ku Dzalanyama, makilomita mazanamazana kumpoto. Steve Chimombo anaitenga nkhaniyi n'kuipanga sewero, The Rainmaker, limene linasindikizidwa mu 1978, ndipo Matthew Schoffeleers anasonkhanitsa ndi kusanthula makambidwe ake osiyanasiyana m'buku la River of Blood mu 1992. Koma bwalo la sewero silingaonetse msewu, ndipo buku la kafukufuku silitopa miyendo. Ulendo weniweniwo, mapazi, ludzu, kutsika kuchoka kumtunda kozizira kugwera m'chigwa chotentha, ukudikirabe wolemba nkhani. Sindikuti mnyamata aliyense wothamanga asanduke Mbona. Zimenezo zingakhale kukakamiza, ndipo eni Khulubvi sangakondwe nazo. Ndikungoti amene akulemba za munthu wothamanga ku Nsanje azidziwa kuti nthaka imeneyo ili kale ndi mapazi, ndipo mnyamata wathu wopita ku Mulanje akuyenda ulendo womwewo chobwerera, kuchoka kotentha kukwera kozizira.

Pang'ono za chilankhulo. M'nkhanizi ziganizo zimathamanga liwiro limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, zonse zazitali, zonse zodzaza ndi mawu otamanda kulimba mtima. Amene anathamangapo mtunda wautali akudziwa kuti maganizo sayenda choncho. Poyamba amabalalika, munthu amaganiza za ngongole, za mtsikana, za mawu amene malume ananena dzulo. Pakatikati amakhala bata. Kumapeto amafupika, amatsala awiriawiri: mtengo uwo, mwala uwo, madzi. Chichewa chili ndi zida zake zochitira zimenezi, mawu aja onga wefuwefu, phamuphamu, dzandidzandi, lefu, amene amanyamula kupuma kwa munthu m'kamvekedwe kake komwe. Ife tikuwasiya n'kumalemba kuti anaona kuti tsogolo lake lili m'manja mwake, chiganizo chimene palibe munthu wa ku Bangula anachiganizapo pa kilomita ya 18.

Ndipo n'chifukwa chiyani onse amapambana? Mnyamata wa ku Nchalo amene wapita koyamba ku Likhubula akukakumana ndi anthu amene amakwera phiri limenelo sabata ndi sabata atasenza zikwama za alendo, amene amadziwa mwala uliwonse woterera potsika ku Lichenya. Wolemba woona mtima angamufikitse pa nambala 40, kapena 60, mawondo atanyuka, juzi ija imene ankaimanga m'chiuno kwawo tsopano ataivala n'kumalakalaka ina. Mphoto palibe. Ndalama ya thiransipoti anabwereka. Akwera minibasi ku Chitakale mpaka ku Limbe, ina mpaka ku Blantyre, ina yotsika. Pa makhotakhota aja makutu akutseka, Shire akuoneka pansi ngati chingwe, mphepo yolowa pawindo ikufunda pang'onopang'ono, ndipo pofika pa Thabwa juzi yavulidwa. Ku dimba mbatata sizinapaliridwe masiku atatu, ndipo malume ali pakhonde.